Kulondera Chisa cha Nkhulukulu

Lolemba

Nkhulukulu ziwiri zamanga chisa mu mkuyu wa kukhwawa, m'kathengo kokhako kamene katsala kuno ku Machinjiri. Mapiko ofiira psuu! Chipumireni pantchito sindinasangalalepo chonchi. Ndatsimikiza mtima: ndizilondera mpaka ziswe, ana auluke. Zofunika: magalasi oonera patali (a pakaunjika ku Limbe, diso limodzi lachita nkhungu), zovala za khaki kuti mbalame zisandione, chipewa, ndi kutseka pakamwa. Mbalame sizifuna phokoso.

Lachiwiri

Kutseka pakamwa ku Machinjiri! Ndangobisala kumene, mayi wina wosenza nkhuni: "Mwadzuka bwanji, adadi?" Ndikuyankha ndi mutu. Akubwereza mokweza, akuyesa ndine gonthi. Kenaka akufunsanso za kunyumba. Mbalame zathawa. Wachiwiri, wachitatu, onse moni. Tinaleredwa bwino mopitirira muyeso anthufe.

Lachitatu

Nzeru zabwera. Ndakhoma zikhomo kuzungulira kathengo, ndamangirira tinsanza tofiira kuti anthu azidutsa patali. Ndikuyeza ndi mapazi kuti nanenso ndisayandikire chisa. Anthu aima chapatali, ali duu, ena mpaka avula zipewa. Ulemu wotere sindinaulandirepo ngakhale ku ofesi. Ndani amati anthu a m'tauni sasamala chilengedwe?

Lachinayi

Anthu achuluka kuposa dzulo. A Gondwe, oyandikana nafe nyumba, akundinong'oneza: "Bwana, musatiiwale ife maneba. Olo ka pakona." Ka pakona ka chiyani? Kani mbiri yafika mpaka ku Ndirande yoti kwabwera saveya, akudula maploti! Khaki, chipewa, magalasi, zikhomo. Ndikuwafotokozera za nkhulukulu, ndikulozera m'mwamba. Akungomwetulira: "Musadandaule, sitiuza munthu."

Lachisanu

Zikwanje! Makasu! Nkhwangwa! Zingwe! Aliyense akulambula pake, poti ploti ndi ya amene wayamba kulambula. Ndikukuwa kuti sindine saveya ine, ndipo wosokosa kuposa onse pansi pa chisa ndine ndemwe. Ndazula zikhomo zanga. Akuti bwana akwiya chifukwa sanapatsidwe kangachepe. Wina wandibweretsera nkhuku yomanga miyendo. Ndiyo mbalame yokhayo imene ndaionera pafupi sabata ino.

Loweruka

Kathengo konse mbee. Mkuyu wagwa m'mawa, akuti nkhuni zake aotchera njerwa. Ndafufuza m'nthambi: timitengo ta chisa, zigoba za mazira, basi. Nkhulukulu zazungulira pamwamba, zalowera cha kuphiri, kumenenso mitengo inatha kalekale. Ndakhala pachitsa, misozi ikungotsika yokha, munthu wamkulu ndi imvi zanga. Mnyamata wina wokoka chingwe: "Pepani adadi, pamenepo pali eni ake."

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Theka la kwaya lili ndi matuza m'manja, ndiwayang'ana bwanji? Kathengo kaja kanadzikhalira zaka zonsezi popanda mlonda. Ndikanangokhala pakhonde ndi wailesi yanga, bwenzi mazira aja ali m'chisa.

Akazi anga abwera kuchokera ku mapemphero akuimba. Akuti ndileke kukwinya nkhope, Mulungu sataya ake: Lachisanu nawonso analawirira ndi chikwanje, anapeza ploti yabwino, ya pachitsa pomwe paja. Atopa ndi lendi, akuti. Chitsacho chikutchinga pomanga, ndiye mawa ndikawathandize kuzula.

Ndipita. Khasu andiikira kale pakhomo.