Madandaulo Pamaso pa Doña Eufemia

Ku parishi kwathu kuno ku El Paso, munthu sunkayerekeza kudandaula pamaso pa Doña Eufemia Barraza. Ukangoti "mayo ine," iwo anali atakutulutsira kale mkazi woyera amene anazunzika kuposa iwe. Ine ndinawapirira zaka makumi awiri ndi zitatu, poti anali apongozi anga.

Tsiku lina tikukulunga matamale, chakudya cha chimanga chophikira m'makoko, a chikondwerero cha tchalitchi, ndinagwira tsaya.

"Amayi, dzinoli landisowetsa mtendere."

"Limodzi lokha?" anatero osadzutsa mutu. "Apoloniya Woyera anamugulula onse. Kulunga, mwana iwe."

Ndikakasuma kuti mwana wawo Rogelio, mwamuna wangayo, wabweranso ali dzandidzandi, yankho linali lokonzeratu.

"Rita Woyera anakhala ndi mwamuna wankhanza zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu."

"Ndiye mwamunayo zinamuthera bwanji?"

"Anaphedwa."

"Kodi mukundilangiza chiyani kwenikweni, amayi?"

"Iwe, usapotoze nkhani!"

Ngakhale Bambo Mfumu sanapulumuke. Pa Misa ina anapepesa kuti akuwerenga mododoma chifukwa maso ayamba kuchita chidima. Pampando wakutsogolo panamveka mawu: "Lusiya Woyera ake ananyamula m'mbale, Bambo! Pitirizani!" Ine ndinangofuna kulowa pansi.

Kenako mwana wanga Ismael analowerera ndi mankhwala ozunguza bongo n'kusowa. Miyezi isanu ndi itatu kunali zii, kupatula mphekesera yoti wina anamuona ku Denver. Apongozi anandipeza m'khitchini ndikulira, ndipo ndinawaona akutsegula pakamwa.

"Mukangotchula Monika Woyera ndi misozi yake, ndikusamuka m'nyumba muno lero!"

"Misozi ndi ya aliyense," anatero. "Monika uja mwana wake atamuthawa, anakwera chombo n'kumulondola. Tandipatsa nsapato zangazo."

Gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu anakwera basi ya ku Denver yekha, chithunzi cha mdzukulu m'manja, korona m'thumba. Tinawaletsa, Rogelio anabisa chikwama chawo, iwo anangotenga jumbo. Patatha masiku asanu ndi anayi anatulukira pakhomo mapazi atatupa, atamugwira Ismael dzanja ngati kamwana ka sukulu. Anali atawonda, koma wamoyo. Mpaka lero amati anabwerera chifukwa agogo ake anakhala pakhonde la nyumba yogonamo anthu osowa pokhala, n'kumalalikira za oyera mtima kufikira anzake atamupempha kuti chonde, azipita nawo.

Apongozi anatisiya chaka chatha, m'nyengo ya Lenti, akukalipira namwino chifukwa chowamvera chisoni.

Masiku ano Misa ikatha timakhala m'holo ndi khofi wathu. Uyu mawondo, uyu shuga, uyu mkamwini wake, aliyense amalongosola vuto lake mpaka kumapeto, khofi n'kuzizira. Ine ndimangogwedeza mutu, maso ali kukhomo, kudikira munthu woti atikhalitse chete.