Phala la Maliya pa kompyuta ya abwana

Lolemba, 15 Juni
Abwana, aphunzitsi amene ndimawagwirira ntchito yapakhomo, apita ku Lilongwe mpaka Loweruka. Andisiyira lamulo limodzi: ndiziyatsa kompyuta yawo m'mawa uliwonse, isagwidwe ndi chinyezi cha nkhungu yathuyi. Amake Maliya ali ku Chimbiya kogulitsa mbatatesi, ndiye mwana ndili naye ine. Ndayatsa, ndapita kukaphula ketulo. Pobwera, Maliya ali pampando, manja ali phala lokhalokha, akumenya mabatani ngati ng'oma! Tsopano chinthucho chikungobuula mkati, chikuchedwa. Kale ndinkachiona chikudzuka msanga. Ntchito ikatha, kanyumba kathu kakuserika katha. Tikagona kuti?

Lachiwiri, 16 Juni
Ichire Loweruka lisanafike, basi.
Zida: kansalu, nthenga za tambala wathu, madzi ayi.
Phala ndachotsa lonse. Nthenga imodzi yathyokera m'kabowo kolowetsera disiki. Ikuchedwabe.

Lachitatu, 17 Juni
Mwina ndi kuzizira. Chigayo cha pa Mayani nachonso chimavuta kulira m'mwezi uno. Ndaifunditsa bulangete lathu latsopano, mbaula pansi pa tebulo. Bulangete lapsa, chibowo chake mutu wa munthu kulowa! Kompyuta yafunda, ulesi womwewo.

Lachinayi, 18 Juni
Ulendo wa kwa wokonza mawayilesi mumsika wa Chimbiya. Pachipata anyamata a chipani: "Khadi, bambo!" Khadi la chipanilo lili m'jekete, jekete lili kunyumba. Ndabwerera.

Lachisanu, 19 Juni
Khadi m'thumba. Wokonza uja: "Mabatire mwasintha?" Ndati ndi yamagetsi. "Ndiye imenyeni pang'ono m'mbalimu, achimwene, zimamva." Ndaimenya pang'ono. Siyikumva. Chakudya sichikulowa. Tayamba kumanga katundu.

Loweruka, 20 Juni
Abwana afika ndi anzawo ovala magalasi, kachikwama ka zida m'manja. Basi, adziwa! Ndagwada pakhonde, ndaulula zonse: phala, nthenga, mbaula, khofi lomwe ndinaimenya. Abwana kukamwa yasa. Anzawo aja aseka mpaka kuvula magalasi.

Akuti kompyuta inayamba kuchedwa sabata yatha, abwana ataikamo pulogalamu yatsopano. Vuto ndi memori. Ili ndi megabayiti imodzi, pulogalamuyo kuti iyende bwino pamafunika anayi. Sindinamvetse, ndiye andimasulira: "Chimanga m'nkhokwe chilimo, bambo, koma lichero ndi laling'ono. Mupeta liti zonsezo?"

Kani ku Lilongwe abwana anapitira zimenezo! Memoriyo ndi timatabwa tobiriwira, ngati zipeso zam'thumba. Atsegula, atilowetsa, atulutsa nthenga ija n'kundipatsa ndi manja awiri. Kuyatsa, yadzuka nthawi yomweyo. Maliya alibe mlandu!

Lamulungu, 21 Juni
Ku Misa ndathokoza kwambiri. Ntchito ilipo, kanyumba kalipo, katundu tamasula. Abwana angoti chitseko cha chipinda chija chizikhala chotseka, ndipo mbaula isadzalowenso. Tambala alibe mchira. Ndikanangokhala pansi sabata yonseyi, palibe chikanaonongeka. Amake Maliya atenga bulangete lakale, akuti n'lawo ndi mwana. Lachibowo andisiyira ine. Ndayesa kulitembenuza mbali zonse: pena patulukira bondo, pena phewa. Julaye akubwera. Ndasankha bondo.