Ngalande ya a Ormonbek

A Ormonbek sankakalipira munthu. Ukawalakwira ankangomwetulira, kenaka n'kupita kukatsegula madzi.

Ntchito yawo m'mudzi wa Kok-Sai inali yogawa madzi a m'ngalande: lero minda ya kumtunda, mawa ya kumunsi. Thabwa lotsekera madziwo ankalizula ndi iwo basi. Ndiye kumunsi kwa mudziwo kuli dambo limene nyengo yotentha anthu a mumzinda wa Bishkek amalidzaza ndi matenti ndi tinyumba tokoka ndi galimoto.

Mlendo wosayankha moni, kapena wotaya mabotolo, a Ormonbek ankamusankhira okha malo.

"Bwana, apo pali miyala. Khomani apa, udzu wake ngati matiresi."

"Mwatithandiza, madala."

"Aa, sindinayambe."

Masana, anthu atayala mkate ndi mavwende, thabwa lija linkazuka, madzi n'kusefukira m'dambo. Ketulo patsogolo, mabulangete pambuyo, eni ake akuthamangira nsapato.

Wovutika nazo anali mlamu wawo, mayi Turdukan, amene ankagulitsa mkate ndi mkaka wa kavalo kwa alendowo.

"Alamu, sabata ino yokha mwandimizira makasitomala atatu!"

"Udzu unali ndi ludzu."

"Udzu wake uti, wa m'tenti?"

Koma onsewa anali ongoyeserapo dzanja. Amene ankamudikira anali mmodzi: mkulu wa mazino agolide, wa kanyumba kofiira, amene anadula mtengo wa maapozi n'kuotchera nyama. Mtengowo anadzala ndi malemu akazi a Ormonbek, akulu awo a mayi Turdukan. Pamene a Ormonbek ankafika anangopeza chitsa ndi mafupa. Kuyambira tsikulo chilichonse chofiira chokokedwa ndi galimoto ankachitsata. China anachitsata mpaka kumsewu waukulu n'kuchisuzumira m'kati. Inali ngolo ya alimi a njuchi. Anabwerako maso osaoneka ndi kutupa, koma akunena kuti sizinapweteke.

Kanyumbako kanabweranso patatha zaka zisanu ndi ziwiri, a Ormonbek ali pabedi, miyendo itakana. Mayi Turdukan anamuzindikira mkuluyo atangomwetulira pogula mkate. Njira yonse yopita kwa alamu awo ankadziuza kuti atseka pakamwa. Atangolowa pakhomo zinatuluka zokha.

"Wabwera."

A Ormonbek anayesa kudzuka, nagwera papilo.

"Waimika pati?"

"Pamtunda, pouma."

A Ormonbek anatembenukira kukhoma. Mayi Turdukan anali asanawaonepo atagonja chotero, ngakhale pamaliro a akazi awo. Anamanganso duku lawo n'kutsikira kudambo.

"Bwana," anatero kwa wa mazino agolide, "pamenepo mphepo ikusautsani. Tsikirani apo pobiriwira, ndiye pa alendo aulemu."

Mkuluyo atasamukira pobiriwirapo, mayi Turdukan anakwera kungalande. Thabwalo linali lolemera kuposa mmene ankaganizira. Linazuka pa ulendo wachitatu, iwo n'kukhala pansi m'matope.

Atabwerera, a Ormonbek anali atatsegula zenera.

"Akukuwayo ndi iyeyo?"

"Ndi iyeyo."

"Matayala?"

"Amira onse."

"Ndipatseni tiyi, alamu. Muike shuga wambiri."

Kanyumbako kanakhala m'matope masiku anayi. Mathirakitala onse a m'mudzimo anapezeka kuti afa tsiku limodzi, ndipo akavalo onse ankatsimphina. Mkulu uja atauzidwa chifukwa chake anabwera pakhomo, chipewa m'manja, kuti apepese.

"Muuzeni ndagona," anatero a Ormonbek mokweza, kuti amve bwino.

Anamwalira chisanu chisanayambe. Wogawa madzi wa masiku ano ndi munthu waulemu, amayendera wotchi, ndipo alendo amabwerera kwawo ndi mabulangete ouma. Mayi Turdukan malonda akuwayendera kuposa kale lonse. Koma masana, mlendo akaponya botolo mu udzu, mayiwo amasiya kudula mkate, n'kuyang'ana kumtunda, n'kudikira pang'ono. Madzi sabwera.