Mipando Iwiri ya NyaMsiska

Lolemba

Sabata yomaliza. Galimoto ili m'galaja ya a Chavula kuseri kwa msika, yophwasulidwa yonse: thupi lakhala pa zigogo, injini pa tebulo, mabawuti m'zitini za mkaka. Miyezi isanu ndi itatu yopala dzimbiri yatha. Chatsala n'kumanga basi.

Ndilembe mbiri yake, mwina wina adzafunsa. Ndi kagalimoto kofiira, kafupi, kopanda denga, ka mipando iwiri. Kanali ka dokotala wina wachizungu ku Khondowe. Pobwerera kwawo anakasiyira apongozi anga, amene ankamugwirira ntchito. Kanayenda chaka chimodzi, kenako kanaima m'chigafa cha fodya ku Bolero, nkhuku n'kumaikiramo. Ine, mphunzitsi wobwera wa ku Ntcheu, ndinakapeza kataima kale. M'menemo ndi momwe tinkachezera ndi NyaMsiska tisanakwatirane, chifukwa m'nyumba munali anthu, pakhonde anthu, pansi pa mango anthu. Ine ndinkagwira chiwongolero, iwo n'kufunsa kuti, "Tikupita kuti lero, aphunzitsi?" Sitinkapita kulikonse.

Lamulungu likubwerali tikukwanitsa zaka makumi anayi tili m'banja. Kuli mapemphero oyamika ku Khondowe, komwe tinadalitsira ukwati. Pa zaka zonsezi mayiyu sanandipemphepo kanthu, ngakhale nsapato. Apempha chimodzi chokha: ndikawakweze phiri la Khondowe lija m'galimoto ya abambo awo.

Lamulo langa: tisinthe zanzeru zokhazokha. Zitatu basi.

1. Mabuleki. Akalewo a Chavula akuti ankagwira dalaivala akapemphera.
2. Mawaya onse ndi batire. Makoswe anadya.
3. Malamba a mipando.

Zina zonse zikhale momwe zinalili. Ndadula mzere kunsi kwake.

NyaMsiska afunsa funso limodzi: "Mipando mwaisiya momwemo?" Ndati inde, chikopacho tangochipaka mafuta. "Yewoo," atero, wautali uja. Ndakhala kuno nthawi yokwanira kudziwa kuti yewo, zikomo wa kuno, ali ndi misinkhu. Wautali ndi wothokoza. Wamfupi, munthu udzifunse.

Lachiwiri

Afika alamu anga a Msiska kuchokera ku Bolero, achimwene awo aakulu a NyaMsiska. Mkulu wa mpingo, jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Sindinawaitane. Angomva.

Agwada, asuzumira kunsi kwa galimoto, adzuka n'kupukuta mawondo. "Mlamu, apa nkhuku yomwe singadutse. Miyala ya njira ya ku Khondowe mukuidziwa makora?"

Ndikuidziwa. Akunena zoona, ndipo n'zimene zikundipweteka.

A Chavula akuti palibe vuto. Kuseri kwa galaja kuli pikapu ina inagubuduka chaka chatha, masipuling'i ake ali bwinobwino. Tikweze pang'ono. Pang'ono pakepo ndi zikhatho zanga ziwiri. Galimoto itakwera, timatayala take tikuoneka ngati ta wilibala, ndiye tiike matayala a pikapu yomweyo. Matayalawo sakulowa m'madigadi. Madigadi adulidwe.

Madigadi amenewa ndawapala milungu itatu ndi manja angawa!

Poti galimotoyi ndi ya malemu, a Msiska akuti nkhani zake zisamayende chisawawa. Komiti yakhazikitsidwa pomwepo, pa benchi ya m'galaja. Wapampando: a Msiska. Membala: a Nesi, ang'ono awo a NyaMsiska, amene anapuma ntchito ya unamwino koma dzina silinapume. Mlangizi: a Chavula. Mlembi: ine, poti ndimalemba zooneka bwino. Tatsegula ndi pemphero, tatseka ndi pemphero.

NyaMsiska sali m'komiti. A Msiska akuti tisawatopetse, sabata ino ndi yawo.

4. Masipuling'i.
5. Matayala.
6. Madigadi, kudula.

Zonsezi ndi zanzeru. Ndaziyang'ana kawiri.

Lachitatu

Taliza injini yake yeniyeni. Yatsokomola, yatsokomolanso, kenako yalira. Mawu okoma, onona, ochokera pansi. Ndikanakonda NyaMsiska akanamva.

Yalira mphindi ziwiri, yazima. Makabuleta ake ndi awiri ndipo sakumvana. Wina akufuna petulo wambiri, wina akukana. A Chavula aimbira mnzawo wa ku Mzuzu. Mnzawoyo waseka mpaka foni kuduka. Akuti ziwiya za galimoto imeneyo anaziona komaliza ali ndi tsitsi.

Komiti yakumana nthawi ya chakudya chamasana. Mfundo za a Msiska:

Kainjini aka sikangatembenuze matayala aakulu aja pa chitunda.
Petulo masiku ano amasowa, mizere yake mukuiona.
Dizilo ngakhale wa chigayo angatibwereke.

Ndafunsa ngati tingabwezere timatayala tating'ono tija. Andiyang'ana onse atatu. Nanga madigadi tadula kale aja tiwaonongerenji pachabe?

A Chavula akuti palibe vuto. Pikapu ija injini yake ndi ya dizilo, ndipo pogubuduka sinavulale. Koma imayenda ndi giyabokosi yake. Ndi redieta yake. Ikalowa, boneti siitsekeka, ndiye tiboole pamwamba tiwotcherere kachifukufuku kachitsulo.

Ndavota kuti ayi. Atatu kwa mmodzi. Ndalemba ndekha mu maminitsi kuti mlembi wagonja.

Pofika madzulo injini yatsopano yalira. Mayi wina wabwera ndi dengu la chimanga kudzafunsa ngati tatsegula chigayo.

7. Injini.
8. Giyabokosi.
9. Redieta.
10. Boneti, kuboola.

Kunyumba ndangonena kuti ntchito ikuyenda. NyaMsiska akusoka mpango woti adzavale kumutu mphepo isawasokoneze tsitsi. Wobiriwira, wamadontho oyera.

Lachinayi

Kwacha ndi mphepo. Zoipa zimenezi, chifukwa lero ndi tsiku la a Nesi.

"Galimoto yopanda denga, mwezi uno, pamwamba pa phiri? Alamu, mukufuna kupha akulu anga ndi chibayo? Yayi, ine ndilipo."

Ndawauza kuti ili ndi kadenga ka lona kopinda, mvula ikabwera timangokoka. Aliyang'ana lonalo, alowetsa chala pa bowo limodzi, chala chatulukira pa bowo lina. Nkhani yathera pomwepo.

Denga lachitsulo. Likuchokera kuti? Sindinafunse n'komwe. Pikapu ija yayamba kuoneka yowonda.

Poti denga lilipo, a Msiska akuti n'kupusa kusaikapo kaliyala. Munthu sapita ku Khondowe n'kubwerako chimanjamanja, kuli nthochi.

Kenako penti. Ine ndinagula kale wofiira, wofanana ndendende ndi wakale. A Msiska akuti mtundu umenewo ndi wa chipani, anthu adzati mkulu wa mpingo wayamba kampeni. Wachikasu? Chipani. Wabuluu? Chipani. Wobiriwira, walalanje? Zipani. Takhala ola lathunthu tikufufuza mtundu wopanda mwini. Woyera a Nesi akana, akuti odwala azidzatiimitsa. Wakuda ndi wa maliro.

Tagwirizana kusiya penti woyamba uja, wotuwa, amene amapaka poteteza dzimbiri. Palibe chipani chimene chamufuna.

11. Denga.
12. Kaliyala.
13. Mtundu wa phulusa.

Ndawerenganso kuyambira pa 1 mpaka pa 13 kufuna kupeza pamene tinalakwitsa. Palibe! Mfundo iliyonse payokha ndi yanzeru. Ndaphunzitsa masamu zaka zambiri, sindinaonepo mayankho olondola akuphatikizana n'kutulutsa chinthu chotere.

NyaMsiska: "Mipando ili bwino?" Ili bwino. Apo pokha ndayankha ndi mtima woyera.

Lachisanu

Ndafika ku galaja mochedwa pang'ono. Komiti ndaipeza yatsegula kale ndi pemphero.

A Msiska aimirira, amanga batani la jekete. Akuti usiku wonse sanagone mtima uli pa chinthu chimodzi. "Banja lathu ndi lalikulu chomene. Galimoto ya mipando iwiri ndi galimoto ya munthu wodzikonda. Ine ndiyende pansi, galimoto ya adada ikundidutsa? Ndipo, Chiuta atiteteze, patagwa zovuta, bokosi likhala pati?"

Pa mfundo ya bokosi palibe amene amatsutsa.

Tidule kumbuyo, titalikitse, timange thandala la mabenchi awiri. Kutsogolo tiike mpando umodzi wautali wokwana atatu. A Chavula akanda m'mutu. Akuti kutalikitsa chasisi ndi ntchito ya mwezi, koma palibe vuto. Poti masipuling'i, matayala, injini, giyabokosi ndi denga zonse ndi za pikapu, chapafupi n'kungozibwezera pa chasisi ya pikapuyo, ife n'kusamutsirako zathu.

Zathu ziti? Tawerenga:

Chiwongolero.
Hutala.
Kachizindikiro ka patsogolo.
Mabuleki atsopano aja sakulowa. Mawaya atsopano aja ndi aafupi.

Kagalimoto kofiira kaja kabwerera pa zigogo, kodulidwa madigadi, koboola boneti, kopanda chogwirira. Tambala wa a Chavula wakwerapo kale.

Mipando iwiri ija a Chavula aimasula ndi malamba ake omwe. Akuti m'galaja ingadetsedwe ndi girisi. Ndaikweza pa ngolo, ndafika nayo kunyumba dzuwa likadalipo, ndaikhazika pakhonde moyang'ana msewu.

NyaMsiska atuluka, aiyang'ana, andiyang'ana. Ndafotokoza mfundo zonse mwadongosolo, kuyambira miyala mpaka bokosi. Amvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Yewo."

Wamfupi kuposa onse amene ndinawamvapo. Ndachita manyazi.

Loweruka

Kuyesa galimoto. Choipa kwambiri n'chakuti ikuyenda bwino zedi. Yadzuka kamodzi, yakwera chitunda cha kuseri kwa chipatala ili mu giya yachitatu, maenje siikuwamva n'komwe. A Msiska akuwomba m'manja. A Nesi agogoda denga, akhutira.

Ine ndayesa kuyendetsa. Kilatchi yake ndi ya anyamata onyamula matumba. Ndaponda kawiri, bondo lakana. Komiti yagamula kuti mawa ayendetse a Chavula.

Pa msika anthu atatu atiimitsa kufunsa ngati tikupita ku Bolero. Mmodzi sanafunse n'komwe, wangoponya thumba la mtedza n'kukwera. A Chavula amusiya pa mlatho.

Masana komiti yandipatsa ntchito yomaliza: mndandanda wa operekeza. Malo alipo khumi ndi anayi. Kutsogolo a Chavula, a Msiska monga wapampando, ndi a Nesi chifukwa cha msana. Kumbuyo akazi awo a Msiska, azakhali awiri, amayi atatu a kwaya, asibweni (amalume awo) a ku Mhuju ndi akazi awo, ana athu awiri, ndi mkulu wina wa mpingo amene anatithandiza pemphero Lachinayi. Khumi ndi anayi ndendende. Ndalemba mokongola, ndadula mzere kunsi, wapampando wasayina.

Tabwera nayo kunyumba kuti NyaMsiska aione. Aizungulira kamodzi, pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Aima patsogolo, agwira kachizindikiro kaja ndi chala.

"Yabwino chomene. Nanga ya adada ija mubwera nayo liti?"

A Msiska aseka kwambiri, akuti mlongo wawo ndi wanthabwala chibadwire. A Chavula aliza hutala kuti amve kuti ndi yomwe ija. Pipiii. Kamawu kakang'ono, kaulemu, kotuluka m'chinthu chachikulu chotuwa.

Ine sindinaseke.

Lamulungu

M'mawa. Suti yasitidwa. NyaMsiska avala diresi yawo yabwino ndi mpango wobiriwira uja, ngakhale denga lilipo.

Galimoto yafika nthawi yake. Ndaima pa chitseko ndi pepala, ndikuitana mayina, aliyense akukwera pamalo pake. Wakhumi ndi chinayi wakwera. Ndatembenuza pepala. Kuseri kulibe kanthu.

Mndandanda wa operekeza. Operekezedwa sindinawalembe. Ine ndemwe, ndi dzanja langali!

Chipwirikiti. A Msiska akuti atsike ndani, poti aliyense ali ndi udindo. Azakhali akuti tithithikane. Wina akuti aphunzitsi angathe kukhala pa kaliyala, ndi ochepa thupi. Komiti yafuna kukumana.

NyaMsiska akweza dzanja. "Pitani, mungachedwe. Mukatiyamikire kwa Chiuta konko." Anena mofatsa kotero kuti palibe wotsutsa. A Nesi atisiyira botolo la tiyi. Injini yalira, kwaya yayamba nyimbo, fumbi. Apita onse kukathokoza chifukwa cha banja lathu.

Pakhomo zii. Sindikumbuka tsiku lina limene panakhalapo chonchi.

Ndayamba kupepesa, mfundo ndi mfundo. Andidula pa yachiwiri.

"Aphunzitsi, inu mumaganiza kuti ndinkafuna phirilo? Ndalikwera kangati? Galimoto ija ndinkaikonda chifukwa abale anga sankakwanamo."

Zaka makumi anayi, miyezi isanu ndi itatu ya dzimbiri, mfundo khumi ndi zingapo zanzeru. Funso limeneli silinalowe mu maminitsi.

Akhala pa mpando wakumanzere pakhonde paja, akonza mpango. Ine ndakhala wakumanja. Chikopa chake chikadali chofewa. Chiwongolero chapita ku Khondowe ndi a Chavula, ndiye manja ndangowaika pa mawondo.

Pa mndandanda wanga wa Lolemba chatsala chimodzi, nambala 3. NyaMsiska akoka lamba, amanga, kwati kwatsa.

"Tikupita kuti lero, aphunzitsi?"

Ndati kulikonse kumene kulibe komiti.

"Yewooo."

Ndamanga wanga. Sitinapite kulikonse.