Maiki Yopanda Waya ndi Chinkhoswe cha kwa a Semba

Anzanga, mukandiona masiku ano ndikuzungulira njira yakuchigayo popita kokwera minibasi, musaganize kuti ndayamba zolimbitsa thupi. Ndi manyazi. Njira yachidule imadutsa pakhomo pa a Semba, ndipo pamenepo pali ana amene akangondiona amafumbata dzanja, kuliika pakamwa n'kuyamba kukuwa kuti "wani-tuu, wani-tuu."

Nkhaniyi inayamba bwinobwino. Mwana wanga Tadala amaimba kwaya ya ana kutchalitchi kwathu ku Chirimba, ndipo mawu ali nawo, sindikunena chifukwa ndi mwana wanga ayi. Aphunzitsi a kwayayo, Mai Malunga, anati akufuna mtsikana mmodzi woti adzatsogolere nyimbo pachikondwerero cha makwaya, ndiye aliyense ajambule mawu ake kunyumba n'kuwatumizira pafoni kuti iwo asankhe. Tadala anaikapo mtima wonse. Posamba kuimba, potsuka mbale kuimba, mpaka tiyi ankamwa wofunda kuti asawononge pakhosi.

Amayi a Tadala anati tingotenga foni yawo, tiitsamiritse pakapu, mwana aimbe, nkhani ithere pomwepo. Ine ndinaseka. Foni pakapu? Ine amene ndimagwira ntchito ku Makata pakati pa makina, amene babu ikapsa muofesi amaitana ine, mwana wanga aimbire kapu? Ndinawauza kuti zinthu za mawu zili ndi eni ake, andisiyire ine.

Lachisanu nditaweruka ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Musitolo yoyamba anandionetsa kamaiki kakang'ono kopanira pakolala, kawaya kake kongolowetsa mufoni, kotchipa ndithu, ndipo anakayesa ine ndikuona, kakugwira bwinobwino. Ndinakanyoza. Kanali ngati batani la malaya, ndiye ndikafika nako kunyumba amayi a Tadala akanati chasiyana n'chiyani ndi kapu yawo ija? Ndinatuluka n'kukalowa m'kanjira kena momwe bambo wina anali atayala mawailesi ndi masipika. Anangondiyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti nyama yabwera yokha.

"Madala, inu ndakuonani, ndinu munthu wodziwa zinthu. Tengani iyi yopanda waya, ili ndi kabokosi kake. Madijeyi onse m'tauni muno akugula yomweyi."

Inali maiki yaikulu, yakuda, yolemera ngati chinangwa. Kuyesa sitinayese, chifukwa munthu wodziwa zinthu sayesa pagulu. Ndinabwerera kunyumba nditaikumbatira ngati khanda.

Loweruka lake kunali chinkhoswe cha mwana wa a Semba, nyumba yachiwiri kuchokera pathu. A Semba kwathu n'kumodzi, ku Nsanje, ndipo anabwera okha kudzatiitana. Koma ine mtima unali pamaiki, komanso m'thumba munali mutapepuka, ndipo kukhala pa pelekani-pelekani manja ali m'thumba n'kochititsa manyazi. Ndiye ndinatuma amayi a Tadala kuti akanene kuti ndaitanidwa kuntchito mwadzidzidzi. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamanga duku lawo n'kumapita.

Vuto loyamba linali phokoso la chinkhoswecho. Ine, katswiri, ndinatseka mawindo, kupachika mabulangete onse a m'nyumba, kutsamiritsa matiresi pachitseko cha kuchipinda, kenako kutulutsa zovala muwadiropu n'kulowamo ndekha. Kunja dzuwa likuswa mtengo, ine ndili muwadiropu, thukuta kamukamu, mahedifoni m'makutu. Tadala anaima pakhomo pa wadiropuyo ndi pepala la nyimbo yake. Ndinalumikiza kabokosi kufoni, kuyatsa maiki, n'kuyamba ntchito.

"Halo, halo. Wani-tuu, wani-tuu."

Mumahedifoni zii. Ndinamenya maiki ndi chala, kuiuzira, kukweza mawu, koma foni osaonetsa chilichonse. Tadala anandikoka malaya n'kunena kuti nyimbo za kuchinkhoswe zasiya, ndipo kunja kukumveka munthu wolankhula ngati ine. Ndinamuuza kuti chimenecho chimatchedwa eko, akadzakula adzamvetsa. Kodi munthu ukapusa umapusa pang'ono?

Kenako foni inayamba kuitana. Amayi a Tadala. Ndinadula. Anaimbanso, ndinadulanso. Ataimba kachitatu ndinapsa mtima, maiki ili pakamwa pomwe, n'kumuuza mwana kuti amayi ake akufuna ndiwatumizire za pelekani-pelekani, koma aiwale, ine sindinathawe chinkhoswe kuti chindilondole mpaka muwadiropu. Ndinawonjezeranso kuti a Semba nawonso amakonda zinthu zazikulu, tenti yonseyo ngati kukubwera nduna. Foni ndinaitchera kuti isalandirenso aliyense.

Ndinati mwina maikiyo imadzuka ikamva nyimbo, ndiye Tadala ayese. Anangoimba mzere umodzi, ine ndinamudula. Pano ndi pamene ndimafuna nthaka ikanang'ambika. Ndinalanda maiki n'kumuuza kuti asamakoke mawu ngati Mai Malunga, chifukwa Mai Malunga akakweza mawu amamveka ngati mbuzi yokodwa m'chingwe. Ndipo sindinalekere pomwepo. Ndinayerekeza kulira kwa mbuziyo, kenako ndinati aone mmene timaimbira ife akale. Anzanga, ndinaimba. Bambo wamkulu, ndevu zili pepepe, ndinaimba mawu a atsikana, vesi yonse mpaka kolasi, ndikutseka maso ndi kugwedeza mutu pakati pa mahang'ala.

Nditatopa ndinamupatsa Tadala maiki kuti aimbe nyimbo yonse, ine ndikulimbana ndi mawaya a kabokosi. Mwana anaimba, ndipo anaimba mokoma zedi, moti ndinachotsa mahedifoni kuti ndimve bwino. Apa m'pamene makutu anga anatseguka. Mawu a Tadala ankamveka kawiri, ena m'chipinda momwemo, ena aakulu ochokera kwa a Semba. Atamaliza kunabuka nthungululu ndi kuwomba m'manja kwa khamu la anthu.

Posakhalitsa chitseko chinakankhidwa, matiresi n'kugwa, amayi a Tadala n'kulowa duku lili pambali. Anatenga maiki ija, kuchotsa mabatire, kuwaika m'chikwama chawo, kenako n'kukhala pabedi kuti andifotokozere bwino, pang'onopang'ono, monga amachitira akakwiya zenizeni.

Dijeyi wa pachinkhoswe anali ndi maiki yofanana ndendende ndi yanga, ndipo kabokosi kake n'kamene kankalandira mawu anga onse, pamene kanga kanali kakufa chigulire. "Wani-tuu" wanga anatuluka m'masipika abusa atangouza anthu kuti atseke maso apemphere. Za kuthawa chinkhoswe zinamveka amayi a Tadala atangomaliza kuuza Mai Semba kuti bambo a Tadala ali ku Makata, ndipo akupepesa kwambiri. Dijeyi anafuna kuzimitsa, koma anyamata a kuchimuna anamugwira dzanja kuti asiye, zafika pokoma. Za mbuzi zija Mai Malunga anazimva ali pampando wakutsogolo, mbale ya mpunga ili pamiyendo. Ndipo pamene ndinkaimba, agogo ena anadzuka n'kukafupa sipika.

Tadala atamva za Mai Malunga anagwetsa pepala lake n'kuyamba kulira. Anati, "Adadi, ndiye basitu sandisankhanso." Kunena zoona, zonse zija ndikanazipirira, koma mawu amenewa anandilasa. Mwana wakonzekera masabata onsewa, ine n'kumuphera mwayi ndi pakamwa panga, chifukwa chokana kapu.

Tili pomwepo kunja kunamveka odi. Anali Mai Malunga, kumbuyo kwawo a Semba atavala suti ya chinkhoswe, ndi kagulu ka anthu amene anati akungoperekeza. Ndinatuluka nditavala kabudula ndi vesiti yonyowa ndi thukuta, mahedifoni ali m'khosi. A Semba anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kundifunsa ngati kampani yathu inasamuka ku Makata kubwera muwadiropu. Ndinayesa kupepesa, koma mawu onse anali atathera m'masipika.

Mai Malunga sanandiyang'ane n'komwe. Anaitana Tadala, kumupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kumuuza kuti asavutike kutumiza kalikonse, amumva kale, pamodzi ndi Chirimba yense, ndipo nyimbo ija adzatsogolera ndi iyeyo. Ine mtima unangoti myaa. Ndinayamba kuthokoza, kuwerama, kuwomba m'manja. Apo m'pamene anatembenukira kwa ine.

"Musathokoze msanga, bambo a Tadala. Ine ndi mbuzi, ndamva. Ndiye mawa kutchalitchi mudzaime kutsogolo inuyo, muwaonetse ana mmene mumaimbira inu akale. Maiki tili nayo, yawaya."

Abusa anavomera, mpingo unavomera, amayi a Tadala anasita malaya anga oyera madzulo asanafike n'komwe. Zimene zinachitika Lamulungu limenelo musandifunse, kafunseni amene anajambula, chifukwa mafoni onse anali m'mwamba, ndipo ndikumva kuti zinafika mpaka kwa abale ku Nsanje.

Masiku ano Tadala akamakonzekera nyimbo, foni ya amayi ake imatsamira pakapu patebulo, mawu n'kumveka bwinobwino, ndipo ntchito yanga ndi kutsuka kapuyo n'kutuluka panja. Maiki ija ili pansi pa bedi, mabatire ake sindinawaonenso. Ndinalumbira kuti chinthu chopanda waya sindidzagulanso ngakhale atandipatsa chaulere, chifukwa tsiku lija mbuzi yeniyeni inali muwadiropu, ndipo chimene inasowa ndi chingwe.