Usipa wa Mai Gondwe m'thanki ya ashaki

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimafuna kulowa pansi pa bedi. Koma poti akutchalitchi akuifotokoza kale mothira mchere, bola muimve kwa mwini manyaziwo.

Masiku amenewo ndinkakolopa maofesi ku Woolwich, kuno kwa azungu, mtima uli pa Mai Gondwe, nesi wamasiye wa ku Edmonton. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ndiye chida changa chinali pakamwapa. Ndinawauza kuti kumudzi ndinkasambira ndi ng'ona mu Shire. Chonsecho ine m'bafa momwe ndimagwira khoma!

Bodza linagwira. Atabwerako ku holide kumudzi, anandipatsa kajumbo ka usipa wouma. Kuno usipa sapatsa munthu wamba, abale. Ndinadziwa kuti zikuyenda.

Wondigwetsa anali Tadala, mwana wa mlongo wanga, amene ankaphunzira ku Greenwich n'kumathandiza pamalo ena oonetsera nsomba zam'nyanja m'magalasi. Tsiku lina, Mai Gondwe ali pomwepo, iye anayambitsa nkhani.

"Ankolo, poti ng'ona munazizolowera, Loweruka mukalowe mwa ashaki. Mukakhala mu cage, kakhola kachitsulo, no problem."

"Nane ndikaonerera!" anatero Mai Gondwe.

Basi, ndakodwa.

Tsikulo Tadala anandilangiza akundiveka chovala cha labala chothina ngati sokosi. "Osawakhudza, osawadyetsa. Ashaki akutha, Ankolo. Anthu amawadula zipsepse n'kuwataya m'nyanja ali moyo. Inu mukangokhala phee, kuwaona basi."

Chisoni chinandigwira ndithu. Koma ine ndinaleredwa bwino, sindilowa m'nyumba ya eni chimanjamanja. Komanso ndinaganiza kuti shaki akalawa kanthu kaye, miyendo yanga aiiwala. Tadala atangotembenuka, ndinakhuthulira usipa wonse pachifuwa n'kukoka zipi.

Nditalowa m'madzi, poyamba zinali bwino. Mai Gondwe akundibayibitsa kuseri kwa galasi, ine ndikutukumula chifuwa.

Kenaka usipa unafufuma n'kuyamba kutulukira m'khosi.

Tinsomba tonse ta m'thankimo tinamva fungo. Cage ija imatchinga shaki, osati tinsomba! Tinalowa chigulu, kundijompha m'khosi, m'makutu, tina m'khwapa.

"Mayo ine! Andidya!" ndinakuwa, madzi n'kulowa m'kamwa.

Apo shaki weniweni anatulukira, wamkulu ngati sofa. Anafika pafupi, kununkhiza, kundiyang'ana ndi diso limodzi, n'kutembenuka mwaulemu kukabisala kukona. Wamantha anali iyeyo, wosauka, chifukwa cha phokoso langa.

Anandivuula ngati thumba la makala. Mzungu woyang'anira atatsegula zipi, usipa uja khuthu pansi!

"Sir, what is this?"

"Gift," ndinayankha mano akugundana.

Tadala anagwira kumutu. "Ankolo, mwandipha! Madzi onsewa ayezedwenso chifukwa cha inu!"

Mai Gondwe anafika ndi thawulo. Anatola kausipa kamodzi, kukayang'anitsitsa.

"A Banda, usipa uwu ndinaunyamula ndekha kuchokera ku Lilongwe, zovala zanga zonse kununkha. Ndinapatsa inu kapena shaki?"

"Ndimati ndipereke ulemu kwa eni nyumba, Mai."

"Nanga ng'ona za mu Shire zija munkazipatsanso usipa?"

Madzi anali chuchuchu thupi lonse. Iwo anapukusa mutu n'kuyamba kundipukuta kumaso.

"Mwaona? Shaki wakununkhizani kamodzi kokha n'kudziwa kuti palibe kanthu apa. Nyama ili ndi nzeru kuposa ine amene ndikukupukutanibe!"

Mukakacheza kwa shaki mupite chimanjamanja, usipawo mukadye ndi amene anakupatsani.