Mwana wa kunyanja pa damu la esiteti

Mpaka lero, ndikamadutsa pa damu la esiteti yathu kuno ku Chipinge, ndimayang'ana kumbali ngati wina wandiitana. Anthu a m'komboni amadziwa chifukwa chake. Bola ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukamva kwa ena athiramo nsinjiro.

Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, anzathu a Chindau amangoti tonse ndife ana a kunyanja. Ine m'malo mowawongolera, ndinkakondwa nazo. Pa sikelo, tikamadikira kuyezetsa tiyi amene tathyola, ndinkafotokoza mmene agogo anga ankapalasira bwato mafunde atakwiya, ndi mmene luso limenelo limayendera m'magazi. (Kunena zoona, ndinabadwira m'komboni mommuno, ndipo madzi ochuluka amene ndinali nditalowamo ndi a m'beseni.) Bodzali linkakoma kwambiri akakhalapo Rudo, mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira. Koma bambo ake, a Mhlanga, ankakana kwamtuwagalu. Ankati munthu wa kunyanja tsiku lina amakumbuka kwawo, n'kuwoloka ndi mwana wa eni osabweranso.

Ndiye chaka china, dzuwa la Okutobala lili pachimake, udzu unatseka paipi yokokera madzi othirira tiyi, chapakati pa damu. Mkulu amene ankagwira ntchito yochotsa udzuwo anali atapuma. Kapitawo sanavutike n'komwe kuganiza.

"Tidandaulenji? Mwini madzi tili naye pompano," anatero akundiloza.

Apa munthu wanzeru akanadwala mutu. Ine ndinati, "Imeneyo ndi ntchito yochepa, bwana."

Linali Loweruka m'mawa, tsiku limene komboni yonse imasamukira ku damu. Amayi akuchapa, Rudo ali pomwepo, ndipo a Mhlanga atakhala pansi pa mtengo ndi mbedza yawo. Kapitawo anandipatsa kabwato ka malata ndi nkhafi yopalasira. Ndinalowamo ndi majombo anga a kuntchito, chifuwa chili patsogolo.

Palibe anandiuzapo kuti bwato amapalasa uku ndi uku. Ine ndinkangopalasa kumanja kokha, poti ndi dzanja lamphamvu. Kabwato kanayenda pang'ono, kenako ndinangoona nkhope za anthu amene ndinawasiya kumbuyo zili patsogolo panga. Ndinapalasanso. Nkhope zomwezo zinabweranso.

"Uri kuenda kupi?" kapitawo anakuwa, kufunsa kumene ndikulowera.

"Ndikuyesa kaye mphepo!" ndinayankha. (Kunalibe mphepo. Ngakhale tsamba silinkagwedezeka.)

Ndinaganiza kuti vuto ndi mphamvu, ndiye ndinawonjezera. Kabwato kanayamba kuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, ndipo amayi anasiya kuchapa. Pa ulendo wachisanu nkhafi inandipulumuka m'manja. Ndinaimirira kuti ndiitole, ndipo zimene zinatsatira sindinazione bwino. Ndinangomva kuzizira m'makutu.

Abale anga, ndinakuwa. Ndipo mdzukulu wa mpalasi wamkuluyu sanakuwe m'chinenero cha agogo ake ayi, anapempha thandizo m'Chindau. "Maiwe, ndafa! Ndibatsirei!" Ndinamenya madzi, ndinamwa matope, ndinatsanzika amayi anga ndi kuulula machimo awiri atatu amene sindingawabwereze pano.

Kenako ndinamva mawu odekha ochokera kumtunda. Anali Che Amidu, telala wachikulire wa m'komboni, wobadwira ku Mangochi kwenikweni, amene sanadzitamepo za nyanja ngakhale tsiku limodzi.

"Mwana iwe, taimirira."

Ndinaimirira. Madzi anali m'chiuno.

Damu linali litaphwa ndi chilimwe, ndipo aliyense ankadziwa kupatula mwini madzi. Che Amidu anapinda mkanjo wawo, n'kuyenda wapansi mpaka pa paipi paja, n'kuzula udzu ndi manja. Pobwerera anaima pafupi nane, ndipo sanatsitse mawu.

"Agogo ako ndinkawadziwa. Anali a ku Thyolo, kumapiri, othyola tiyi ngati iwe. Mvula ikagwa ankadikira ngalande iphwe kaye kuti awoloke."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndimakumvabe. Ndinatuluka ndi jombo imodzi, inayo ili m'matope mpaka pano. Rudo anali atabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti ukwati wathera pomwepo. Njira yokha yopita kunyumba inkadutsa pa mtengo wa a Mhlanga, ndiye ndinaweramitsa mutu n'kumayenda motsimphina.

"Mukwasha," anaitana.

Ndinatembenuka kuti ndione mkamwini amene akumuitanayo. Panalibe wina.

"Uwatume akuluakulu ako abwere kunyumba," anatero akukonza nyambo pa mbedza, osandiyang'ana n'komwe. "Iwe sungawoloke naye mwana wanga. Ndaona ndi maso anga."

Lero ine ndi Rudo tili ndi ana atatu, ndipo tikukhala nyumba zinayi zokha kuchokera kwa apongozi. Anawo akandifunsa za tsiku lija, ndimawauza kuti kunali chimphepo choopsa chimene ngakhale agogo anga sakanalimbana nacho. Mayi awo amangotsokomola.